Nkhono, ng'ombe ndi ngalande: momwe likodzo limayendera m'Chigwa cha Shire

Mukafunsa munthu wa ku Makhanga, ku Nchalo kapena ku Marka kuti ndi nyama iti ya m'madzi imene amaiopa kwambiri, sachedwa kutchula ng'ona, ndipo akaganiza pang'ono amawonjezera mvuu. Mantha amenewa ali ndi maziko ake, chifukwa midzi yambiri ya m'mbali mwa Shire inaonapo maliro a msodzi kapena mayi amene anagwidwa ndi ng'ona padooko, ndipo ambiri tikukumbukirabe mwezi wa Meyi 2023 pamene mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu m'boma la Nsanje. Komabe tikamawerenga anthu amene nyama ya m'madzi imawadwalitsa chaka ndi chaka m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ng'ona ndi mvuu zimatsalira kutali. Imene ili patsogolo ndi nkhono yaing'ono ngati njere ya chimanga, yosaluma, yosathamanga, imene mwana amatha kuiphwanya ndi chala. Nkhono imeneyi ndiyo imalera nyongolotsi zoyambitsa likodzo, ndipo popanda iyo matendawa sangachoke pa munthu mmodzi kupita pa mnzake.

Amene akufuna kuiona apite pa dziwe la madzi odekha, kapena pa ngalande imene yamera udzu m'mbali, nthawi imene madzi ayamba kuphwera. Atembenuze tsamba la nyika loyandama, kapena phesi lovunda, ngakhale thumba la pulasitiki limene lakhala m'madzi masabata angapo. Kunsi kwake kumakhala koterera, ndipo pamenepo pamakhala tinkhono totuwa kapena todera, ta chigoba chopyapyala, titamatirira n'kumadya ndere. Akatswiri amazitcha nkhono za mtundu wa Bulinus. Pali njira yapafupi yozizindikirira: mukaigwira nsonga ya chigoba italoza kumwamba, kukamwa kwake kutayang'ana inu, kukamwako kumakhala kumanzere, pamene nkhono zambiri zimene timazidziwa kukamwa kwake kumakhala kumanja. Pali mtundu wachiwiri wotchedwa Biomphalaria, umene chigoba chake n'chophwatalala ndi chozungulira ngati batani la malaya, ndipo umenewu umalera likodzo la m'matumbo. Zinkhono zikuluzikulu za m'dambo zija, zimene mbalame zina zimakonda kudya, sizikhudzidwa ndi likodzo la anthu.

Matendawa ndi akale kwambiri, moti mazira a nyongolotsi zake anapezeka m'mitembo youmikidwa ya ku Egypt ya zaka zoposa 3,000 zapitazo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anaziona nyongolotsizi koyamba mu 1851 pamene ankapima mitembo mumzinda wa Cairo, ndipo n'chifukwa chake m'Chingerezi matendawa amatchulidwa ndi dzina lake. Koma kunadutsa zaka zoposa 60 madokotala akudziwa nyongolotsi osadziwa kuti imalowa bwanji m'thupi. Mu 1915 Robert Leiper, akugwira ntchito ku Egypt komweko, anasonyeza kuti likodzo la m'chikhodzodzo ndi la m'matumbo ndi nyongolotsi ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi nkhono yakeyake imene imadutsamo isanafike pa munthu. Mfundo imeneyi inapezeka chifukwa chofufuza moyo wa nyama ya m'matope, ndipo mpaka lero ndi imene nkhani yonse ya likodzo yatsamirapo.

Ulendo wa nyongolotsiyi umayamba ndi dzira. Munthu wodwala akakodza m'madzi, kapena akachita chimbudzi pamalo pamene mvula ingakokolole, mazira osaoneka ndi maso amalowa m'madzimo n'kuswa posakhalitsa. M'dzira lililonse mumatuluka kachilombo ka ubweya thupi lonse, kotchedwa miracidium, kamene kamasambira mofulumira kufunafuna nkhono. Kalibe pakamwa podyera, choncho kali ndi maola owerengeka okha, osakwana tsiku, kuti kapeze nkhono ya mtundu woyenera, apo ayi kamafa. Kakaipeza kamaboola thupi lake lofewa n'kukhazikika m'kati, ndipo m'menemo kamadzichulukitsa kokha popanda chachimuna kapena chachikazi. Pakatha masabata 4 mpaka 6, nkhono ija imayamba kutulutsa tizilombo ta maonekedwe ena, totchedwa cercaria, tofanana ndi mbululu yaing'ono kwambiri ya mchira wa mphanda. Dzira limodzi lokha limatha kubala tizilombo totere masauzande, ndipo nkhono imodzi imatulutsa tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri mpaka itafa.

Pali chinthu china pa tizilomboti chimene chimandikhudza kwambiri ndikaganizira za nyengo ya kwathu kuno. Tizilombo ta likodzo la anthu timatuluka mu nkhono mochuluka masana, dzuwa likakwera pamutu. Ndi nthawi yomweyo imene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kuno kumapitirira madigiri 40, kumathamangitsira ana kumadzi akaweruka kusukulu, ndiponso imene abusa amatsitsira ng'ombe kukamwa iwo n'kudumphira m'madzi momwemo. Kachilomboka sikadikira kuti munthu amwe madziwo, ndipo sikafuna bala. Kamamatirira pakhungu labwinobwino, n'kulisungunula ndi timadzi take, ndipo m'mphindi zochepa kamakhala kalowa, mchira n'kutsala kunja. Munthu amangomva kuyabwa pang'ono, nthawi zina osamva kanthu. Kuchoka pamenepo kamayenda ndi magazi kudutsa m'mapapo mpaka kuchiwindi, kumene kamakula kukhala nyongolotsi yotalika sentimita imodzi kapena awiri.

Nyongolotsizi zimakhala ziwiriziwiri. Yaimuna ndi yonenepa ndipo thupi lake n'lopindika ngati bwato losema, pamene yaikazi ndi yowonda ngati ulusi ndipo imagona m'kati mwa bwatolo moyo wake wonse. Zikakumana zimasamukira ku mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera, ngati ndi mtundu wa Schistosoma haematobium, kapena ku mitsempha ya m'matumbo, ngati ndi Schistosoma mansoni. Kumeneko zimakhala zaka 3 mpaka 5, zina kupitirira pamenepo, zitadzikuta ndi zinthu za m'magazi a munthu yemweyo kuti chitetezo cha m'thupi chisazizindikire, ndipo yaikazi imaikira mazira ambirimbiri, ofika mazana, tsiku lililonse. Nyongolotsizi sizichulukana m'thupi la munthu. Iliyonse imene ili m'thupi inalowa payokha kudzera pakhungu, kutanthauza kuti kukula kwa matenda kumayenderana ndi kuchuluka kwa nthawi imene munthu wakhala m'madzi a nkhono. Zimene zimamveka zoti likodzo limatengedwa pogonana, kapena pokodza pamene wakodza wodwala, si zoona, ndipo zasokoneza mabanja popanda chifukwa.

Chimene chimavulaza munthu kwenikweni ndi mazira. Dzira la likodzo la m'chikhodzodzo lili ndi kaminga kunsonga, ndipo kuti lituluke limayenera kuboola khoma la chikhodzodzo, n'chifukwa chake magazi amaoneka, makamaka m'madontho otsiriza a mkodzo. Aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo amakumbukira tianyamata titaima pamchenga, tikuyerekeza kuti wofiira kwambiri ndi wa yani, ndipo m'madera ena akuluakulu ankangoti mwanayo akukula. Koma mazira ambiri satuluka. Amakodwa m'minofu, thupi n'kuwazinga ndi zipsera, ndipo zipserazo zikamawunjikana chaka ndi chaka chikhodzodzo chimauma, njira zochokera ku impso zimatsekeka, ndipo impsozo zimatupa n'kuwonongeka mwakachetechete. Likodzo la mtundu umenewu lili m'gulu la zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa mwana, zotsatira zake za tsiku ndi tsiku ndi kuchepa kwa magazi, kutopa, kupinimbira ndi kusinza m'kalasi, zinthu zimene kawirikawiri timazitcha ulesi.

Amayi ndi atsikana ndi amene amasenza mtolo wolemera kwambiri, ndipo mbali imeneyi ya matendawa yakhala nthawi yaitali yosakambidwa. Mazira akakodwa pa khomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, amayambitsa zilonda, ukazi wosazolowereka, kuyabwa, kupweteka ndi kutaya magazi pokhala malo amodzi ndi mwamuna, ndipo ena amavutika kutenga pakati kapena amapita padera. Akuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni a mu Africa kumwera kwa Sahara ali ndi vutoli. Zizindikiro zake n'zofanana kwambiri ndi za matenda opatsirana pogonana, moti mtsikana amene sanadziwepo mwamuna amatha kupatsidwa mankhwala a chinzonono, n'kubwerera kunyumba ndi manyazi pamodzi ndi matenda ake osachizidwa. Mayi wapabanja amatha kunenedwa kuti ndi wosakhulupirika, pamene mlandu wake ndi wochapa zovala za banja lomwelo pa ngalande. Kafukufuku wa m'maiko angapo wasonyezanso kuti amayi amene ali ndi zilonda zoterezi amapezeka ndi kachilombo ka HIV mochuluka kuposa anzawo. Ndikuona kuti funso loti "mumachapa ndi kusamba kuti?" liyenera kukhala la masiku onse m'chipinda chilichonse choyezera amayi m'chigwa muno. Abambo nawonso amakhudzidwa, ndipo kafukufuku wa pakati pa asodzi a ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna, pamodzi ndi madandaulo a ululu ndi magazi.

Likodzo la m'matumbo limabisala kuposa pamenepa chifukwa silionetsa mkodzo wofiira. Mazira ake amatengedwa ndi magazi kupita kuchiwindi, kumene amayambitsa zipsera mpaka magazi amalephera kudutsa bwino. Kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo mapeto ake ena amasanza magazi mwadzidzidzi n'kumwalira, abale n'kumaganizira mowa kapena ufiti.

Chigwa cha Shire chili ndi zonse zimene nkhono imafuna. Mtsinje ukangotsika pa mathithi a Kapichira umasiya liwiro lake n'kuyamba kuyenda mwaulesi m'dziko lathyathyathya, n'kumwazikira m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene David Livingstone analipatsa dzinali mu 1859 ataona njovu zambirimbiri, ndipo mu 2017 linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Kumunsi kuli dambo la Ndindi. Madzi ofunda, osaya, odzaza bango, gumbwa, nyika ndi namasupuni ndi munda wa nkhono, koma ndi munda wa anthunso. Msodzi wotchera mono kapena wokoka ukonde wa mlamba ndi mphende amakhala m'madzi ofika m'chiuno, mlimi wa mpunga ku Muona kapena ku Nkhate amawokera mbande miyendo ili m'matope tsiku lonse, wa kudimba amatunga madzi othirira pachithaphwi, ndipo chaka cha njala amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, m'masamba omwewo amene nkhono zimabisala. Kuuza anthu oterewa kuti apewe madzi n'chimodzimodzi kuwauza kuti asiye kudya. Ngakhale ng'ona imene tinayamba nayo ili ndi gawo lake, chifukwa mayi wanzeru amathawa mtsinje waukulu n'kutengera ana ake ku ngalande yosaya kapena ku dziwe lodekha kumene akuona kuti ng'ona singabisale, ndipo kumeneko n'kumene nkhono zimachuluka.

Madzi osefukira amasintha mapu a nkhono nthawi iliyonse akabwera. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya maiwe atsopano m'malo amene kale munali minda, anagumula zimbudzi ndi kukwirira mijigo, ndipo anthu osamutsidwa anakhala miyezi akusamba ndi kuchapa paliponse pamene apeza madzi. Madzi othamanga amakokolola nkhono zambiri, koma zina amangozisamutsira kwina, ndipo nkhono sisowa mnzake kuti iswane, popeza iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi ndipo imatha kudzipatsa yokha mazira. Nkhono imodzi yotsalira pachithaphwi imakwanira kuyambitsa mtundu wonse. Chilimwe nacho sichizitha, chifukwa nkhono za Bulinus zimakwiririka m'matope dziwe likamauma, n'kugona momwemo miyezi ingapo mpaka mvula yoyamba itazidzutsa.

Mankhwala a likodzo alipo ndipo amagwira ntchito. Dzina lake ndi praziquantel, anapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, ndipo kampani ya Merck imapereka mwaulere mapiritsi ofika 250 miliyoni pachaka kudzera ku bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, amene ndi omwe amafika m'sukulu zathu. Mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, koma popeza si sukulu iliyonse ili ndi sikelo, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi amaimika mwana pa ndodo yolembedwa mizere, ndipo msinkhu wake ndiwo umanena kuchuluka kwa mapiritsi. Piritsi lake ndi lalikulu ndi lowawa zedi, ndipo likamwedwa m'mimba muli njala limabweretsa chizungulire, nseru ndi kupotokola. Nkhani zambiri zoti ana akomoka atamwa mankhwala a likodzo zimachokera pamenepa, ndipo mphekesera imodzi yotere imatha kuthawitsa sukulu yonse chaka chotsatira. Chikho cha phala chisanafike piritsi ndi gawo la mankhwalawo, ndipo kwa ine chiyenera kuwerengedwa pa bajeti monga momwe amawerengera mafuta a galimoto yonyamula mapiritsiwo.

Mankhwalawa ali ndi malire awiri ofunika kuwamvetsa. Amapha nyongolotsi zikuluzikulu koma sagwira bwino zazing'ono zimene zangolowa kumene, ndipo sateteza munthu ku zimene zilowe mawa. Mwana womwa mankhwala Lachiwiri n'kukasambira pa dziwe lomwelo Loweruka wayambiranso ulendo. Kugawa mankhwala kwa anthu ambiri kunathandiza dziko lathu kugonjetsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, amene anali ochuluka kwambiri m'chigwa chino, ndipo WHO inatsimikiza zimenezi mu 2020. Likodzo lavuta kuposa pamenepo chifukwa cha kuchulukana kumene kumachitika m'kati mwa nkhono, popeza anthu ochepa otsala osamwa mankhwala amakwanitsa kudzazanso dziwe lonse ndi tizilombo. Otsalawo timawadziwa: mbusa wa ng'ombe amene sapita kusukulu, msodzi amene ali kudambo tsiku logawa, ndi makanda amene amasambitsidwa ndi madzi otungidwa kumene pa ngalande. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Chikwawa n'kufalitsidwa mu 2014 anapeza likodzo mwa ana osayamba sukulu pamodzi ndi amayi awo. Kuyambira mu 2022 WHO imalangiza kuti ana a zaka 2 kupita m'tsogolo azilandira nawo mankhwala, ndipo kumapeto kwa 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza piritsi laling'ono losungunuka, losawawa kwambiri, lopangidwira ana aang'ono.

Nkhani yatsopano imene yatembenuza maganizo a akatswiri ndi ya ng'ombe. Kwa nthawi yaitali ankaphunzitsa kuti likodzo la m'chikhodzodzo ndi la anthu okha, ndipo ziweto zili ndi mitundu yawoyawo. Umodzi mwa mitunduyo ndi Schistosoma mattheei, umene unafotokozedwa koyamba mu 1929 ku South Africa utapezeka mu nkhosa, ndipo umakhala m'mitsempha ya m'matumbo a ng'ombe, mbuzi, nkhosa, komanso nyama za m'tchire monga njati ndi anyani. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, ndipo amafuna nkhono za Bulinus zomwe zija. Tsono pamene ng'ombe zimamwera ndi pomwe ana amasambira, munthu amatha kulowedwa ndi mitundu iwiri yonseyi nthawi imodzi, ndipo nyongolotsi yaimuna ya mtundu wina ikanyamula yaikazi ya mtundu winawo, ana obadwa amakhala osakanizika. Mlimi wa ku Ngabu amene anakweretsapo ng'ombe yachikuda ndi nkhunzi ya Brahman akudziwa kuti thole lotere limatenga za uku ndi uku, ndipo nthawi zina limaposa makolo onse awiri.

Mu 2019 ofufuza anafalitsa zimene anapeza atapima mazira a maonekedwe achilendo ochokera mu mkodzo wa ana a ku Chikwawa, Mangochi ndi Nkhotakota. Dzira la likodzo la anthu limakhala lozungulira ngati la nkhuku, pamene awa anali otalika ndi osongoka, ndipo kuyeza kwa DNA, imene imasonyeza chibadwa cha chamoyo, kunasonyeza kuti ndi osakanizika pakati pa mtundu wa anthu ndi mitundu ya ziweto. Zimenezi zinatsegula njira ya kafukufuku wamkulu wotchedwa HUGS, amene anayamba mu 2021 m'maboma a Mangochi ndi Nsanje mothandizana pakati pa Liverpool School of Tropical Medicine ndi Malawi-Liverpool-Wellcome ya ku Blantyre. Ofufuzawa anayeza mikodzo ya anthu, anatola nkhono, anasefa ndowe, ndipo ng'ombe zina anazimangirira tizipangizo ta GPS kuti aone kumene zimamwera. Anapeza kuti likodzo la mtundu wa mattheei ndi lofala pakati pa ng'ombe, ndipo ng'ombe zopatsidwa mankhwala zimatenganso matendawa zikabwerera kumadzi omwewo. Izi sizikuchitika kuno kokha. Ku Senegal kunapezeka zosakanizika zofanana nazo, ndipo mu 2013 anthu osambira mu mtsinje wa Cavu pa chilumba cha Corsica, ku France, anatenga likodzo losakanizika ndi la ng'ombe.

Tanthauzo la zimenezi kwa chigwa chimene chuma chake chachikulu chili m'khola ndi lalikulu. Ngati nyongolotsi yokhoza kudwalitsa munthu ingathenso kukhala mu ng'ombe, ndiye kuti ngakhale mudzi wonse utamwa mankhwala ndi kumanga zimbudzi, ndowe zogwera pomwera zipitiriza kudyetsa nkhono mazira. Ng'ombe nayonso imavutika, imawonda, imatsekula m'mimba ndipo mkaka umachepa, koma mwini wake amaganiza kuti ndi kusowa kwa msipu. Apa mpamene mlangizi wa ziweto, wa zaumoyo ndi wa zanyama za m'tchire amafunika kukhala pa mkeka umodzi, makamaka m'midzi yozungulira Lengwe, Majete ndi Mwabvi, kumene ziweto, anyani ndi anthu amamwera pafupipafupi nthawi ya chilimwe.

Nkhono nazonso zikusuntha. Mpaka posachedwapa gombe la nyanja ya Malawi ku Mangochi linkadziwika ndi likodzo la m'chikhodzodzo lokha, koma mu 2017 kunapezeka nkhono za Biomphalaria pfeifferi, ndipo ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja anayamba kupezeka ndi likodzo la m'matumbo. Lipoti limene linatuluka mu 2025 linanena kuti nkhono yomweyi yapezeka koyamba m'Chigwa cha Shire. Nkhono yotere imakonda madzi osaphwa chaka chonse, monga a m'ngalande zothirira ndi m'madamu osungira madzi, ndipo apa mpamene nkhani ya likodzo imakumana ndi nkhani ya chitukuko.

Zimene zinachitika ku Senegal n'zofunika kuti aliyense wa kuno azidziwe, chifukwa malowo akufanana ndi athu: chigwa chotentha, mtsinje waukulu, mpunga, ng'ombe ndi tawuni ya nzimbe yotchedwa Richard Toll. Mu 1986 anamaliza kumanga damu la Diama pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Senegal, pofuna kutsekereza madzi amchere a m'nyanja ndi kukulitsa ulimi wothirira. Madzi atakhala opanda mchere ndi osaphwa chaka chonse, udzu wa m'madzi unamera, nkhono zinachulukana, ndipo nkhanu zina za mu mtsinje zimene zinkadya nkhonozo zinasowa chifukwa damulo linatseka njira yawo yopitira kukaswana. Likodzo la m'matumbo, limene kuderalo silinkadziwika, linaoneka mu 1988, ndipo patangopita zaka zochepa anthu oposa theka a ku Richard Toll anali nalo.

Kuno kwathu ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme inakonzedwa kuti izitenga madzi pa Kapichira n'kukathirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma awiriwa. Ine ndili m'gulu la amene akuiyembekezera ndi mtima wonse, chifukwa ndaona mapira akupserera m'munda pamene Shire akudutsa chapafupi atadzaza. Okonza ngalandeyi anaganizira za nsomba, ndipo anaikamo chotchinga choti nsomba za kumunsi, monga tiger fish, zisakwere kupitirira mathithi n'kukasokoneza nsomba za kumtunda ndi za m'nyanja ya Malawi. Chidwi chomwecho n'chimene nkhono ikufunika, ndipo chikufunika kwa zaka zonse zimene madzi adzakhale akuyenda. Ngalande ya simenti ya madzi othamanga sisunga nkhono zambiri. Zoopsa ndi timingalande ta dothi topita m'minda, ngalande zotayira madzi otsala, madamu osungiramo madzi usiku, ndi maenje amene amatsala pokumba dothi, chifukwa ndi mmene madzi amaima n'kumera udzu, ndiponso ndi mmene mudzi wopanda mjigo umakachapira.

Njira zochepetsera nkhono zimadziwika, ngakhale palibe imene imakwanira payokha. Kulambula udzu m'ngalande kumazichotsera chakudya ndi pobisala, malinga olambulawo atavala nsapato zajombo ndi kumalandira mankhwala pafupipafupi. Kuumitsa ngalande mosinthanasinthana ndi kutsegula madzi mwamphamvu nthawi zina kumapha zambiri. Pali mankhwala othira m'madzi otchedwa niclosamide, koma amaphanso nsomba ndi achule, choncho ndi oyenera pamalo ochepa osankhidwa bwino, osati m'dambo limene likudyetsa mabanja masauzande. Ku nyanja ya Malawi, ofufuza ena anagwirizanitsa kuchuluka kwa likodzo ku Cape Maclear ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha kusodza mopyola muyeso, zimene ziyenera kutiganizitsa tikamaona masikito oteteza ku udzudzu akukokedwa m'dambo ngati ukonde, akusesa ndi tiana ta nsomba tomwe.

Pakhomo, chida chapafupi kwambiri chimachokera ku moyo wa kachilombo komweko. Cercaria sikadya, ndipo kakapanda kupeza khungu kamafa pasanathe masiku atatu. Madzi otungidwa pa ngalande akasungidwa mu ndowa yovundikira masiku awiri kapena atatu, mutaonetsetsa kuti simunalowe nkhono, amakhala abwino kusambitsira mwana, ndipo kuwatenthetsa pamoto kapena kuthiramo kolorini kumachita chimodzimodzi mwachangu. Mkodzo wokayezetsa kuchipatala umaonetsa bwino mazira ukatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amaloledwa kumwa praziquantel motsogozedwa ndi achipatala. Pamudzi, zimene zimasintha zinthu ndi mjigo wokhala ndi pochapira pake, chimbudzi pafupi ndi dooko ndi pafupi ndi sikimu ya mpunga, kamlatho pamene ana amawolokera ngalande popita kusukulu, ndi chomwera cha ng'ombe cha simenti chomangidwa patali ndi madzi a anthu, chimene chimakhuthulidwa ndi kuumitsidwa kawirikawiri kuti nkhono zisakhazikikemo.